Kodi foni ndi intaneti zimathandizadi munthu amene wamaliza chithandizo cha khansa?

Nabanda:
Moni nonse, amayi ndi abambo. Ndabwera ndi nkhani imene ndikupempha kuti tiikambirane mofatsa, chifukwa ikukhudza ife amene tinamaliza chithandizo cha khansa komanso inu amene mukusamalira abale anu. Masiku ano tikumva kawirikawiri kuti foni, intaneti ndi mapulogalamu a zaumoyo zingathandize munthu amene wapulumuka khansa kuti aziyendetsa yekha nkhani za thanzi lake. Bungwe la IARC, lomwe limafufuza za khansa pansi pa WHO, linanena kuti mu 2022 anthu pafupifupi 20 miliyoni anapezeka ndi khansa pa dziko lonse, ndipo anthu oposa 53 miliyoni anali moyo m'zaka zisanu zoyambirira chipezekereni ndi matendawa. Pamene anthu ofunika kuwayang'anira achuluka chonchi, n'zomveka kuti a zaumoyo akuika chiyembekezo pa zipangizo zamakono. Komabe tonse tikudziwa mmene zimakhalira chithandizo chikatha. Pa nthawi ya kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, umaonana ndi anamwino pafupipafupi, koma ukangouzidwa kuti ubwerenso pakatha miyezi itatu kapena 6, umatsala wekha ndi thupi limene lasintha komanso mafunso amene ulibe womufunsa. Kodi zipangizozi zimathandizadi pa nthawi imeneyi, kapena zimangotiwonjezera nkhawa? Amene munaziyesapo, tiuzeni zimene munaona.

Naphiri, namwino wa odwala khansa:
Zikomo a Nabanda poyambitsa nkhaniyi. Ine ndiyankha monga munthu amene ndimakhala kumene mauthenga a odwala amafikira. Umboni wamphamvu umene tili nawo unachokera kwa anthu amene anali adakali pa chithandizo, choncho tiumvetsere mosamala tisanauyerekeze ndi moyo wa amene anamaliza. Pa chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York, Dr Ethan Basch ndi anzake anatsatira odwala 766 amene khansa yawo inali itafalikira ndipo ankalandira kemo. Ena mwa iwo anapemphedwa kuti azilemba pa intaneti mmene akumvera pa zizindikiro 12, monga ululu, nseru, kutopa, kutsegula m'mimba ndi kubanika, ndipo chizindikiro chikakula uthenga unkapita kwa namwino. Enawo ankangodikira tsiku lokaonana ndi dokotala monga mwa masiku onse. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinasonyeza kuti theka la odwala amene ankalemba linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 31, pamene theka la enawo linapitirira miyezi 26. Kusiyana kwa miyezi isanu kumeneku kunadabwitsa ambiri, chifukwa mankhwala ena atsopano a khansa yofalikira sawonjezera nthawi yochuluka chotero.

Nkhani siinathere pomwepo ayi. Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa PRO-TECT, amene anachitika m'zipatala 52 za ku United States ndi odwala 1,191, anapeza kuti olemba zizindikiro ankapeza bwino m'thupi ndipo ankatha kugwira ntchito zawo za tsiku ndi tsiku kuposa anzawo, koma zotsatira zomaliza za mu 2025 sizinasonyeze kuti anakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa enawo. Ine ndimaona kuti phindu lilipo ndithu, ngakhale sitiyenera kulikokomeza. Chimene ndikufuna kuti chimveke bwino ndi chakuti m'kafukufuku onse awiriwa munali namwino amene ankawerenga uthengawo n'kuimba foni, kusintha mankhwala a nseru, kapena kumuuza wodwala kuti abwere tsiku lomwelo. Ntchito ya pulogalamuyo inali kufupikitsa njira pakati pa wodwala ndi munthu wodziwa chochita.

Bambo Mwale:
Mayi Namwino, mwanena zoona, ndipo mpomwe pagona vuto langa. Ine ndinachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, kenako ndinalandira kemo wokhala ndi oxaliplatin, ndipo mpaka pano zala za kumapazi zimachita dzanzi, makamaka kukazizira. Nditamaliza chithandizo ndinapatsidwa nambala yoti ndizitumizako uthenga ndikaona chachilendo. Ndinatumiza za dzanzilo koma yankho silinabwere, ndipo pamene ndinapita kukaonana ndi dokotala ndinazindikira kuti panalibe munthu amene anapatsidwa ntchito yowerenga mauthengawo. Sindikuimba mlandu anamwino, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuchuluka kwa anthu amene ankawasamalira. Koma kutumiza uthenga wonena za thupi lako kumene kulibe woyankha kuli ngati kugogoda pa khomo la nyumba yopanda munthu, ndipo mantha amakula kuposa ukanapanda kutumiza. Chipatala chilichonse chimene chikufuna kutsegula njira yotereyi chiyambe chapeza munthu woyankha, ndipo chiwauze odwala momveka kuti yankho lidzabwera pasanathe maola angati, komanso kuti ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira yankho la pa foni.

Naphiri, namwino wa odwala khansa:
Pepani kwambiri bambo Mwale chifukwa cha zimene munakumana nazo. Dzanzi limeneli limabwera chifukwa mankhwala ena, monga oxaliplatin, paclitaxel ndi vincristine, amavulaza mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, ndipo kwa anthu ena limachepa pang'onopang'ono pamene kwa ena limakhalitsa. Muziyang'ana mapazi anu tsiku lililonse ngati pali bala limene simunalimve, ndipo mukamapunthwa kapena kugwa muwauze adokotala. Pa funso lanu lomalizalo, zinthu monga kutuluka magazi kosasiya, kubanika, kupweteka pachifuwa, kufooka kwa miyendo kodzidzimutsa limodzi ndi kupweteka kwa msana, kulephera kukodza, kapena kutentha thupi kufika madigiri 38 kwa munthu amene walandira kemo posachedwapa, si zolembera uthenga n'kudikira. Zimenezi n'zofunika kupita ku chipatala nthawi yomweyo.

Bambo Tembo, katswiri wa za mankhwala:
Ndikufuna kuwonjezera mbali ya mankhwala, popeza ndi imene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Amayi ambiri amene anadwala khansa ya m'mawere ya mtundu umene umakula ndi mahomoni amapatsidwa tamoxifen, kapena mankhwala monga anastrozole ndi letrozole, oti azimwa tsiku lililonse kwa zaka zisanu, ndipo ena mpaka zaka 10. Ambiri amasiyira panjira, ndipo anthu opanga mapulogalamu amafulumira kuganiza kuti vuto ndi kuiwala. Gulu la ofufuza la SWOG ku United States linayesa maganizo amenewa pa amayi 702 amene ankamwa mankhwala a gulu la anastrozole, ndipo theka lawo linkalandira uthenga wa pa foni kawiri pa sabata kwa zaka zitatu. Zotsatira za mu 2020 zinasonyeza kuti mauthengawo sanachititse amayiwo kupitiriza mankhwala kuposa anzawo amene sankalandira kanthu. Kwa ife amene timamva madandaulo awo, chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa. Mayi amene molumikizira mafupa mukumupweteka m'mawa uliwonse, kapena amene sakugona chifukwa chotentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, sanaiwale mankhwala ake. Wawasiya akudziwa, chifukwa akumuzunza ndipo palibe amene wamufunsa. Uthenga umene ungathandize mayi wotereyu ndi wofunsa kuti mankhwalawo akumuvuta pati, ndipo yankho lake lifike kwa munthu amene angathe kumusinthira mankhwala kapena kumupatsa china chochepetsa ululuwo.

Nabanda:
A Tembo, mwafotokoza zimene zinandichitikira ineyo. Ndikumwa tamoxifen, ndipo m'chaka choyamba kutentha kwa thupi usiku kunandisowetsa mtendere moti ndinayamba kuganiza zosiya. Amene anandilimbitsa mtima anali mayi mnzanga amene anadutsamo kale, yemwe tinadziwana pa intaneti. Iye sanandipatse malangizo a mankhwala, koma anandiuza kuti vutoli ndi lodziwika ndipo ndikalifotokoze kwa dokotala mosabisa. Kwa ine phindu la foni linali limenelo, loti ndinapeza munthu wondimvetsa pa nthawi imene ena onse m'nyumba anali m'tulo.

Nachisale:
Ndakupatsani moni nonse, ana anga ndi abale anga. Ine ndine wamkulu msinkhu, ndipo mawu awa akundilembera ndi mwana wanga wamkazi, chifukwa foni yanga ndi ya mabatani ndipo maso anga saona bwino tizilembo tating'ono. Ndinadwala khansa ya khomo la chiberekero ndipo ndinalandira rediyesheni, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza cha makina, pamodzi ndi kemo. Ndamvetsera zonse zimene mwalemba, koma ndikupempha kuti musatiiwale ife amene sitingathe kudzilembera tokha. Pali zovuta zimene zimatsalira mayi akalandira chithandizo ngati changachi, zokhudza kukodza, m'mimba ndiponso za m'banja, ndipo zina mwa izo sindingamuuze mwana amene ndinabereka ndekha kuti andilembere. Ngati njira yokhayo yofikira namwino ndi yodzera m'manja mwa munthu wina, ndiye kuti zimene zikundipweteka kwambiri ndi zimene sizidzamveka. Ine ndikanakonda nditamaimbiridwa foni ndi namwino wamkazi pa tsiku limene tagwirizana, kuti ndizipita pandekha n'kulankhula momasuka.

Chirwa:
Amayi, zikomo chifukwa cholankhula mosapita m'mbali. Ine ndimagwira ntchito yopanga mapulogalamu a makompyuta, komanso ndinasamalira bambo anga pamene ankalandira chithandizo cha khansa ya prostate, ndipo zimene mwanenazi ndi zimene anthu a ntchito yanga amaziphonya kawirikawiri. Bungwe la ITU, lomwe lili pansi pa United Nations, linanena kuti mu 2024 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni sankagwiritsa ntchito intaneti, kutanthauza munthu mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba, osauka ndi okhala kutali ndi mizinda. Khansa nayo imagwira kwambiri anthu achikulire. Choncho pulogalamu imene imafuna foni yamakono, maso akuthwa ndi chinenero chachilendo imasiya kunja anthu amene akuifunikira kwambiri. M'kafukufuku wa PRO-TECT amene a Namwino atchula uja, odwala ankaloledwa kusankha pakati pa intaneti ndi foni wamba imene inkawafunsa mafunso ndi mawu, iwo n'kumayankha podina manambala. Ngakhale WHO, m'malangizo ake a mu 2019 okhudza zipangizo zamakono za zaumoyo, inanena momveka kuti zipangizozi sizingalowe m'malo mwa ntchito zaumoyo zoyenda bwino.

Nkhani ya chinsinsi imene mwaikhudzayo ndi yaikulu kuposa mmene ambiri timaganizira. Mbiri yakuti munthu anadwala khansa ikhoza kumuvutitsa pofuna ntchito, ngongole kapena inshuwalansi, ngakhale patapita zaka zambiri atachira. N'chifukwa chake dziko la France linakhazikitsa lamulo mu 2016 lolola munthu kuti asanene za khansa yake yakale kwa a inshuwalansi pakatha zaka 10 chimalizireni chithandizo, ndipo mu 2022 linachepetsa nthawiyo kufika pa zaka zisanu. Mayiko ambiri alibe chitetezo chotere. Musanalembe dzina lanu ndi matenda anu mu pulogalamu iliyonse, fufuzani kuti mwini wake ndani, zimene mwalembazo zikusungidwa kuti, ndiponso ngati zimaperekedwa kwa otsatsa malonda. Mauthenga a pa WhatsApp amatetezedwa akamayenda pakati pa mafoni, koma chitetezo chimenecho sichiletsa munthu amene wawalandira kuwajambula n'kuwatumiza kwina, kapena wina wa m'nyumba kutsegula foni n'kuwawerenga.

Nabanda:
Mfundo imeneyi tiigwiritse, achimwene. Chithunzi cha bala kapena cha zotsatira za ku labu chokhala ndi dzina lanu musachiike pagulu la anthu ambiri, ngakhale onse akhale anzathu opulumuka. Ndipo a Nachisale, pempho lanu loti namwino aziimba foni ndi loyenera kulinena kwa amene akukuonani ku chipatala, chifukwa foni ya mabatani imakwanira pa ntchito imeneyo.

Naphiri, namwino wa odwala khansa:
Amayi a Nachisale, zovuta zimene mwazitchula mwaulemuzo ndi zodziwika bwino kwa ife. Rediyesheni ya m'chiuno ikhoza kuchititsa kuti njira ya amayi ichepe ndi kuuma, komanso kuti chikhodzodzo ndi matumbo zisinthe kagwiridwe ka ntchito, ndipo pali thandizo la zimenezi ngati zanenedwa msanga. Mukadzapita kukaonedwa, mupemphe kulankhula ndi namwino muli awiri.

Tsopano ndikufuna kunena chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi chofunika kuposa pulogalamu ina iliyonse. Mu 2006 bungwe la Institute of Medicine la ku United States linafalitsa lipoti lodandaula kuti anthu ambiri amasochera pakati pa kumaliza chithandizo cha khansa ndi kubwerera kwa dokotala wa matenda wamba, ndipo linalimbikitsa kuti aliyense azipatsidwa chikalata chofotokoza chithandizo chimene analandira ndi dongosolo la mmene adzamuyang'anire. Chifukwa chake ndi chakuti zotsatira zina za chithandizo zimaonekera patapita zaka, pamene munthu ali m'manja mwa dokotala wina amene sanaonepo fayilo yake. Mwa mankhwala a khansa, doxorubicin ikhoza kufooketsa mtima, ndipo chiopsezocho chimakula malinga ndi kuchuluka kwa mankhwala onse amene munthu analandira. Trastuzumab nayo imafuna kuti mtima uziunikidwa. Cisplatin imakhudza impso ndi makutu. Rediyesheni ya pakhosi ikhoza kufooketsa chithokomiro, ndipo munthu amangomva kutopa ndi kuzizidwa osadziwa gwero lake. Mankhwala a gulu la anastrozole amachepetsa mphamvu ya mafupa, pamene mayi amene akumwa tamoxifen akaona magazi osayembekezereka, makamaka atasiya kale kusamba, ayenera kukaonedwa chiberekero. Mayi amene anachotsedwa mwanabere wa m'khwapa akhoza kutupa mkono ngakhale patapita zaka. Dokotala amene wakumana ndi munthu wobanika koma osadziwa kuti analandirapo doxorubicin akhoza kutaya nthawi kufufuza kwina.

Apa ndi pamene foni, ngakhale yotsika mtengo bola ikhale ndi kamera, imathandiza popanda kudalira wina aliyense. Jambulani zotsatira za kuyeza kachidutswa ka chotupa, zimene zimanena mtundu wa khansa, komanso siteji yake, dzina la opaleshoni, mayina a mankhwala onse a kemo ndi kuchuluka kwake, gawo la thupi limene linalandira rediyesheni, ndi masiku amene chithandizo chinayamba ndi kutha. Mapepala amanyowa, amang'ambika ndipo mafayilo amasowa, koma munthu amene ali ndi mbiri yake m'manja amalowa m'chipinda cha dokotala aliyense ali ndi poyambira. Ndinene chilungamo kuti akafukufuku amene anayesa zikalata zoterezi sanapeze kuti chikalatacho pachokha chimasintha kwambiri thanzi la anthu. Chimagwira ntchito pamene mwini wake akuchimvetsa ndipo dokotala wachiwerenga, choncho musangochisunga, koma muzichionetsa ndi kufunsa mafunso.

Bambo Tembo, katswiri wa za mankhwala:
Ndikugwirizana nazo kwathunthu. Pa chithunzi chomwecho muziwonjezera mankhwala ena onse amene mukumwa, kuphatikizapo ogula nokha ndi azitsamba, chifukwa ena amasokoneza mankhwala a khansa. Mwachitsanzo, paroxetine ndi fluoxetine, amene amaperekedwa kwa anthu ovutika maganizo, amachepetsa mphamvu ya thupi yosandutsa tamoxifen kukhala mankhwala ogwira ntchito, choncho madokotala ambiri amasankha ena m'malo mwake akadziwa kuti mayiyo akumwa tamoxifen.

Nangozo:
Moni akuluakulu nonse. Ine ndikusamalira mayi anga amene anamaliza chithandizo cha khansa ya m'mawere, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa ndi mbali ina ya foni yomweyi. Chiyambireni anthu kudziwa za matenda awo, sipadutsa sabata osalandira vidiyo kapena uthenga wonena za chinthu china chimene akuti chimachiza khansa, chimatsuka magazi, kapena chimaletsa khansa kubwerera, ndipo ena amafika powauza kuti asiye mapiritsi a ku chipatala. Otumizawo si adani ayi, ndi abale ndi abwenzi amene amawakonda, ndipo n'chifukwa chake kukana kumavuta. Ndinawerenga kuti Dr Skyler Johnson ndi anzake a pa yunivesite ya Yale anapeza mu 2018 kuti anthu amene khansa yawo inali isanafalikire koma anasankha njira zina zokha, kukana chithandizo cha ku chipatala, anali pa chiopsezo cha imfa chochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi amene analandira chithandizocho. Pambuyo pake iye ndi akatswiri ena anaunika nkhani 200 za khansa zimene zinafala kwambiri pa masamba a mchezo, n'kupeza kuti pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse inali ndi zabodza. Ife kwathu tinagwirizana kuti mayi asayambe kapena kusiya chilichonse chifukwa cha uthenga wa pa foni asanafunse kwa amene akuwaona, ndipo uthenga ukakhala ndi nambala yogulira chinthucho, timadziwiratu kuti cholinga chake ndi malonda.

Chirwa:
Achemwali, lamulo lanulo ligwirenso ntchito pa mapulogalamu a AI amene amayankha mafunso ngati munthu. Amathandiza kumasulira mawu ovuta a pa pepala la ku chipatala kapena kukonzekera mafunso okafunsa dokotala, koma nthawi zina amanena zolakwika molimba mtima ngati zoona, ndipo sadziwa mbiri yanu yonse. Powafunsa musalembemo dzina, ndipo zimene ayankha muzikazitsimikiza kwa namwino kapena dokotala.

Bambo Mwale:
Ndisamangodandaula, ndinenenso pamene foni yandithandiza. Mu 2025 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CHALLENGE, wotsogoleredwa ndi gulu la Canadian Cancer Trials Group, amene anatsatira anthu 889 ngati ineyo, amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo n'kulandira kemo. Theka linangopatsidwa mabuku a malangizo a zaumoyo, pamene theka linalo linapatsidwa mlangizi wowathandiza kuchita masewera olimbitsa thupi kwa zaka zitatu, ndipo ambiri anasankha kuyenda ndawala. Patatha zaka zisanu, anthu 80 pa 100 alionse a gulu la mlangizi anali moyo opanda khansa, poyerekeza ndi 74 a gulu linalo, ndipo patatha zaka 8 amene anali moyo anali 90 pa 100 poyerekeza ndi 83. Nditamva zimenezi ndinayamba kuyenda mwakhama, ndipo foni imandiwerengera mtunda ndi nthawi. Tili ndi anzanga awiri opulumuka amene timatumizirana zimene tayenda madzulo aliwonse, ndipo tsiku limene mmodzi wakhala chete ena timamufunsa ngati ali bwino. Onaninso kuti ngakhale m'kafukufukuyu, amene anapindula kwambiri ndi amene anali ndi munthu wowayendera, osati amene anangopatsidwa zowerenga. Kwa amene ali ndi dzanzi ngati langa, vuto la mtima kapena khansa imene inafika m'mafupa, ndi bwino kuyamba afunsa adokotala kuti ndi masewera ati amene angawayenere.

Nabanda:
Bambo Mwale, ndasangalala kumva zimenezi. Chenjezo langa ndi la kwa ife amene timakhala ndi mantha akuti khansa ibwereranso, ndipo tilipo ambiri ngakhale sitinena. Ndinadziwana ndi mayi wina amene anagula wotchi yoyeza kugunda kwa mtima ndi tulo, koma m'malo mokhazikika mtima ankadzuka usiku kuyang'ana manambala, ndipo kusintha kulikonse kunkamuchititsa kufufuza pa intaneti mpaka kucha. Chipangizo chikayamba kumulanda munthu tulo, ndi bwino achivule kaye, ndipo mantha akewo awafotokoze ku chipatala monga mmene angafotokozere ululu, chifukwa pali alangizi a za maganizo amene amathandiza, ena mwa iwo kudzera pa foni pomwepo. A Namwino, ndikufunseninso za kuonana ndi dokotala pa vidiyo, kumene kunafala pa nthawi ya COVID-19 mu 2020. Kodi kungalowe m'malo mwa ulendo wa ku chipatala?

Naphiri, namwino wa odwala khansa:
Kumalowa m'malo mwa maulendo ena, osati onse. Kukambirana zotsatira za magazi zimene zili bwino, kufunsa za kutopa, tulo ndi maganizo, kapena kusintha mankhwala a ululu, zonsezi zimatheka pa vidiyo ngakhalenso pa foni ya mawu okha, ndipo munthu wofooka amapulumuka ulendo wautali ndi kudikira pa mzere. Koma kamera siingakhudze chotupa cha m'khwapa, siingayeze khomo la chiberekero, ndiponso siingatenge magazi. Nkhani yolemetsa, monga yakuti khansa yabwerera, ine ndimafuna kuti munthu aimve tili naye limodzi ndiponso ali ndi wachibale pambali pake, osati aione yekha pa foni usiku zotsatira zitangoikidwa pa intaneti.

Palinso njira ina imene odwala saiona koma imawapindulira. Mu 2003 Dr Sanjeev Arora wa pa University of New Mexico anayambitsa Project ECHO, yolumikiza akatswiri ndi ogwira ntchito m'zipatala zakutali kudzera pa vidiyo kuti azikambirana za odwala awo. Inayamba ndi matenda a chiwindi a hepatitis C, koma tsopano ikugwiritsidwanso ntchito pa khansa m'mayiko ambiri. Namwino wa pa chipatala chaching'ono akaphunzira kuzindikira kutupa kwa mkono kukangoyamba, kapena kufooka kwa mtima kobwera ndi kemo, ndiye kuti wopulumuka amene amakhala pafupi naye wathandizika ngakhale iyeyo alibe foni yamakono.

Nachisale:
Zikomo mayi Namwino, mwandimasula. Mwana wanga akufunsa kuti mapepala anga a ku chipatala akawajambula awasunge bwanji, popeza foni yake amabwerekana ndi ena m'nyumba, ndipo ine sindifuna kuti aliyense aziwaona.

Chirwa:
Amayi, muuzeni awajambule pamalo owala bwino kuti dzina la mankhwala ndi manambala ziwerengeke, kenako asawasiye pamodzi ndi zithunzi zina zonse. Mafoni ambiri amakono ali ndi malo obisika otsekedwa ndi nambala yachinsinsi, ndipo akawaika mmenemo afufute amene atsala poonekera. Atumizenso zithunzizo ku imelo imene nambala yake yachinsinsi mukuidziwa awiri nokha, kuti foniyo ikatayika kapena kuwonongeka mbiri yanu isatayikire limodzi. Ngati pa mapepalawo palibe kuchuluka kwa rediyesheni imene munalandira kapena dzina la kemo, akapemphe ku chipatala chimene munathandizidwa kuti akulembereni pa tsiku limene mudzapite kukaonedwa, ndipo mapepala enieniwo muwasungebe pamalo ouma.